Mmene mungaphunzirire Chiwelshi ndi thandizo la boma la Wales

Ngati mwafika ku Wales posachedwapa mwaona kale kuti zikwangwani zili m'zilankhulo ziwiri, Chingerezi ndi Chiwelshi, ngakhale pa tala penipeni analemba ARAF kuti muchepetse liwiro. Si zokongoletsa ayi, Chiwelshichi eni ake amachitchula kuti Cymraeg ndipo boma la Wales, lomwe lili ku Cardiff, silikugona nacho. Mu 2017 linakhazikitsa pulani ya Cymraeg 2050 yoti pomafika 2050 olankhula akwane 1 miliyoni, koma kalembera wa 2021 anapeza anthu 538,300 okha, kutsika kuchoka pa 562,000 mu 2011, ndiye mukuona chifukwa chake akulandira ndi manja awiri aliyense wofuna kuphunzira, kaya munabadwira kuti.

Poyambira penipeni ndi pa learnwelsh.cymru, imeneyi ndi webusaiti ya National Centre for Learning Welsh yomwe imayendera ndalama za boma. Makosi ake ali m'magawo, kuyamba ndi Mynediad wa anthu osadziwa ngakhale moni, kenako Sylfaen, Canolradd, Uwch mpaka Gloywi. Inu tengani Mynediad basi. Pali makalasi a maso ndi maso, ena a pa intaneti madzulo, zomwe zimathandiza ngati mumagwira ma shifiti. Kuyambira mu 2022 achinyamata a zaka 18 mpaka 25 amaphunzira ulere, ndiye ngati muli msinkhu umenewo musachedwe.

Chinthu chimodzi chomwe muyenera kusamala polembetsa: akufunsani ngati mukufuna Chiwelshi cha kumpoto kapena cha kummwera. Sankhani cha komwe mukukhala. Mkaka ku Caernarfon kumpoto ndi llefrith pomwe ku Swansea kummwera ndi llaeth, moni kummwera amati shwmae kumpoto su'mae, amamvana ndithu koma zimakoma kulankhula ngati aneba anu.

Tsopano kwa inu ogwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, apa ndi pomwe mtima wanga uli. Afunseni abwana anu za Cymraeg Gwaith, ndi pulogalamu yophunzitsa anthu Chiwelshi cha pantchito ndipo ili ndi timakosi tifupitifupi ta pa intaneti ta azaumoyo. Agogo ena akayamba kudwala matenda oiwalaiwala Chingerezi chimawathawa nkutsala ndi chilankhulo cha mayi awo chokha, ndiye taganizani munthu akumva ululu koma palibe womumva. Nchifukwa chake boma lili ndi ndondomeko ya Mwy na geiriau yoti wodwala azipatsidwa chithandizo m'Chiwelshi asanachite kupempha. Simukufunika kudziwa galamala yonse, bore da mmawa, diolch pothokoza, paned mukamawafunsa za tiyi, zokhazo zimawatsitsa mtima pansi. Mukaona wantchito atavala kabaji ka olenji kooneka ngati kachizindikiro ka mawu, ameneyo amalankhula Chiwelshi, yeserani pa iyeyo.

Za ana ndiye musazengereze olo pang'ono. Bungwe la Mudiad Meithrin, lomwe linayamba mu 1971, lili ndi Cylch Ti a Fi komwe kholo limapita limodzi ndi khanda kukaimba ndi kusewera, komanso Cylch Meithrin ya ana okulirapo asanayambe sukulu. Sukulu za boma zophunzitsa m'Chiwelshi nzaulere ngati zinazo, ndipo makolo ambiri a ana ammenemo salankhula Chiwelshi kunyumba, ndiye musaope kuti mulephera kuthandiza mwana. Ngati mwana wabwera ali wamkulu kale funsani ku khonsolo yanu za makalasi omwe amamumiza m'chilankhulochi kwa masabata angapo asanalowe kalasi ndi anzake, ku Gwynedd zimenezi anaziyamba kalekale.

Kalasi yokha siyokwanira, khutu lizolowere. Tsegulani S4C, TV ya Chiwelshi yomwe inayamba mu 1982, muyatse mawu olembedwa pansi aja, ndipo pophika muzimvera BBC Radio Cymru ngakhale musakumva kanthu poyamba. Fufuzani Menter Iaith ya m'dera lanu, amakonza macheza ndi maulendo oyenda pansi a ophunzira. Mu Ogasiti kumakhala National Eisteddfod, chikondwerero chachikulu cha nyimbo ndi ndakatulo za Chiwelshi, ndipo kuli malo a ophunzira otchedwa Maes D. Mukapeza tchuthi, ku Nant Gwrtheyrn, mudzi wakale wa oswa miyala m'mbali mwa nyanja ku Llŷn, kumpoto kwa Wales, kumachitika makosi ogonera konko.

Chomwe chikusokonezeni ndi kusintha kwa chilembo choyamba cha mawu, Cymru (Wales) amasanduka Gymru pa chikwangwani cha Croeso i Gymru (takulandirani ku Wales), Caerdydd (Cardiff) nkukhala yng Nghaerdydd (mu Cardiff). Musalole zimenezi zikutsekeni pakamwa, lankhulani molakwitsa momwemo, ndipo wina akakuyankhani m'Chingerezi muuzeni kuti dw i'n dysgu Cymraeg, kutanthauza ndikuphunzira Chiwelshi, ambiri amabwerera nkuyamba kulankhula nanu pang'onopang'ono.