Kutchera kamera yojambula nyama kuno kuchigwa

Ndinayamba kutchera kamera kudimba kwanga kufupi ndi Nchalo chimanga chitayamba kutha usiku. Sabata yoyamba ndinapezamo mchira wa nguluwe, ndi zithunzi zambirimbiri za udzu wokhawokha. Zinandiwawa, chifukwa kamerayo ndinaigula ndi ndalama ya thonje.

Choyamba dziwani kuti chimene chimadzutsa kamerayi si diso lojambulira lija. Pafupi nalo pali kazenera ka pulasitiki, ndipo kuseri kwake kuli sensa yotchedwa PIR, yomwe imamva kutentha kotuluka m'thupi. Kazenerako kamagawa malo a kutsogolo m'timagawo. Kamera imadzuka chinthu chosiyana kutentha ndi malowo chikachoka m'kagawo kena kulowa kena. Nyama yobwera molunjika imachedwa kumveka, pomwe yodutsa chopingasa imamveka msanga koma imathanso kutuluka msanga. Ine ndimamangirira kamera pamtengo, msinkhu wa bondo kapena kupitirira pang'ono, n'kuipendeketsa kuti iyang'ane mkwaso wa nyama cham'mbali.

Kuno kwathu vuto lalikulu ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumafika madigiri 40, pomwe thupi la nguluwe kapena nyani limakhala pafupifupi 38. Dothi, miyala ndi nyama zonse zatentha mofanana, ndiye sensa imve chiyani? Masana otere kamera imene imagwira mtunda wa mamita 15 usiku imatha kuphonya nyama yodutsa pafupi. Nyengo imeneyi ikani sensitivity, yomwe ndi mphamvu ya kumva kwa sensa, pa High. Koma mukatero sengani udzu ndi nthambi zonse za kutsogolo, chifukwa udzu wotentha ukamagwedezeka ndi mphepo kamera imayesa nyama. Musailozetse kum'mawa kapena kumadzulo. Yanga imayang'ana kummwera.

Nanga kuchedwa kujambula? Kamera imagona kuti isamalize mabatire. Sensa ikamva kanthu, makina am'kati amayenera kudzuka, kuyeza kuwala, usiku kuyatsa tinyali ta infrared (kuwala kosaoneka ndi maso a munthu), kenaka n'kujambula. Kamera ina imachita zonsezi pa masekondi 0.2, ina imatenga sekondi yathunthu, ndipo pabokosi amalemba kuti trigger speed. Sekondi imodzi ndi yambiri kwa nguluwe yothamanga. Kanema amachedwa kuyamba kuposa chithunzi, n'chifukwa chake ndimasankha zithunzi zitatu zotsatizana. Palinso nthawi imene kamera imapuma ikusunga chithunzi mu memory card isanajambulenso. Khadi yochedwa kapena mabatire ofooka zimatalikitsa nthawiyi, moti mumajambula nyama yotsogolera yokha, gulu lonse n'kudutsa. Mabatire a lithium ndi okwera mtengo koma amapirira.

Ng'ona ndi ng'azi musaziyembekezere kwambiri, matupi awo amatsatira kutentha kwa malo. Ngakhale mvuu yongotuluka kumene mu Shire, khungu lili lonyowa, yandidutsapo osajambulidwa. Pagombe gwiritsani ntchito time lapse, kuti izijambula yokha mphindi iliyonse.

Musanachoke, kwawani kutsogolo kwake kawiri katatu, pafupi ndi patali, ndipo tsegulani muone ngati mwatuluka thupi lonse. Mvula ikalimba mu Januwale ichotseni kudimba, madzi a Shire asanafike patsinde la mtengowo.