Momwe mungawerengetsere IVIM ya ubongo osanamizidwa ndi manambala

Ambiri amene timagwira zithunzi za MRI kuno ku Lusaka tinazolowera diffusion (kujambula mmene madzi amafalikira m'minofu) ya ma b-value awiri, 0 ndi 1000, n'kutulutsa ADC, nambala imodzi yoonetsa kufalikirako, basi. B-value ndi nambala yoonetsa mphamvu imene makina akuyezera kufalikirako. Komatu m'zithunzi zomwezi mumabisala nkhani ya magazi. Denis Le Bihan ndi anzake anaifotokoza mu 1986, n'kuitcha IVIM (intravoxel incoherent motion): magazi oyenda m'timitsempha ting'onoting'ono amatsitsa signal mofulumira pa ma b-value aang'ono, ndipo mutha kuwayeza osabaya wodwala gadolinium, mankhwala othandiza kuti magazi aoneke pa MRI.

Samu yake ndi iyi: S(b)/S0 = f·exp(−b·D*) + (1−f)·exp(−b·D). S(b) ndi signal pa b-value imene mwasankha, S0 ndi signal pa b = 0, D ndi kufalikira kwa madzi m'minofu, f ndi gawo la magazi, D* ndi liwiro la kutsika kobwera ndi magaziwo.

Ntchito imayambira pa makina. Pemphani ma b-value ochuluka pansi pa 200, monga 0, 10, 20, 40, 80 ndi 150, kenako 200, 400, 600, 800. Musapitirire 1000, chifukwa kumeneko mzere umayamba kupindika pa zifukwa zina.

Mukatenga zithunzi, sinthani mafayilo a DICOM ochokera pa makina kukhala NIfTI ndi pulogalamu ya dcm2niix, chotsani noise ndi dwidenoise ya pulogalamu ya MRtrix3, konzani kugwedezeka kwa mutu. Laputopu wamba imakwanitsa, bola ikhale ndi moto malaiti asanapite.

Tsopano pa fitting penipeni, kutanthauza kupeza D, f ndi D* zogwirizana ndi signal yanu, pamene ambiri amagwa. Chiyeso chimakhala chouza kompyuta kuti ipeze D, f ndi D* nthawi imodzi ndi njira yowerengetsera ya Levenberg-Marquardt. Pachiwindi zimatheka ndithu, popeza magazi ndi ochuluka. Mu ubongo f ndi yochepa, kawirikawiri siifika 10 peresenti, ndiye noise pang'ono chabe imabalalitsa zonse. Mapu a f ndi D* amatuluka mawangamawanga ngati nkhanga.

Ine ndimati chitani m'magawo. Choyamba tengani ma b-value opitirira 200 okha, pomwe signal ya magazi yazimiririka kale. Tengani logarithm, jambulani mzere wowongoka. Kutsetsereka kwake ndiye D. Mu ubongo wabwino iyenera kukhala pafupi ndi 0.7 mpaka 0.8 × 10⁻³ mm²/s. Ikatalikirana nazo, bwererani mukaone zithunzi.

Kenako talikitsani mzerewo kufika pa b = 0. Pomwe wagunda pakhala pansi pa S0 yeniyeni, ndipo mpatawo mukaugawa ndi S0 mwapeza f. Pomaliza, D ndi f zikhale chikhalire, mufunefune D* yokha ndi ma b-value onse. Ikani malire: f pakati pa 0 ndi 1, D* yoposa D.

Amene amadziwa Python apeza IvimModel mu DIPY, yaulere. Njira za Bayesian zimapereka mapu osalala okongola, koma samalani, kusalalako nthawi zina kumachokera ku prior, zoyerekeza zoyambira zimene mwaika nokha, osati kwa wodwala.

Chenjerani ndi CSF, madzi ozungulira ubongo. Madzi amenewa amafalikira pa 3 × 10⁻³ mm²/s, ndiye m'mphepete mwa ma ventricle (zibowo za madzi mkati mwa ubongo) ndi pamwamba pa ubongo amadzionetsa ngati magazi, f n'kukwera mwabodza. Ma voxel (timabokosi topanga chithunzi) amenewo achotseni.

D* ndiyo yosakhazikika kwambiri mwa zitatuzi. Musaikhulupirire pa voxel imodzi: jambulani ROI (dera limene mukufuna kuyeza), phatikizani signal yake, ndiye muwerengetse. Mu lipoti lembani ma b-value, malire a 200 aja ndi njira imene mwatsata, popeza f ya njira ina siifanana ndi ya inzake.