Kagwiritsidwe ntchito ka chingwe chomasuka msanga pa galu wapolisi

Mwafunsa kuchokera ku Mchinji momwe mungagwiritsire ntchito chingwe chomwe loko yake imatseguka mukangokoka kachingwe kamodzi, pa galu wa ntchito ngati wa mtundu wa German Shepherd kapena Belgian Malinois.

Musanayambe mukhale ndi kolala yolimba yokhala ndi mphete yachitsulo, malo ampanda oyesereramo, komanso galu yemwe amamva kale mukamuuza kuti akhale kapena abwerere. Wosamvera musamuyese n'komwe.

1. Yesani loko galu asanavale. Tsekani ndi kutsegula kangapo. Fumbi la mu Okutobala limaumitsa sipuling'i ya m'lokoyo, choncho pukutani ndi kudonthezapo mafuta pang'ono.

2. Khazikani galu kumanzere kwanu. Kolekani loko pa mphete yaikulu, osati kamphete ka chizindikiro, ndipo kokani mwamphamvu kuti mutsimikize kuti yagwira.

3. Gwirani chingwe m'manja osachikulunga pamkono. Galu wotere akathamanga mwadzidzidzi amakugwetsani.

4. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amayenda chala chili pa kachingwe komasulira. Galu akangodumpha, chala chimakoka chokha, iye n'kuthawira pakati pa anthu, mwina pamsika penipeni. Kachingweko kazilendewera pakokha, kosakodwa m'chovala kapena m'tchire, mpaka mutaganiza zomumasula.

5. Pomasula, onani kutsogolo ngati kulibe ana, perekani lamulo, kenako kokani kamodzi mwachangu.

6. Muitaneni, akhale pansi, mumumangenso musanamuyamikire ndi mpira wake.