Masiku oyenera kudikira mukapaka vanishi pansi pa matabwa kuno ku Mulanje

Mu Julayi chaka chatha ndinaitanidwa kunyumba ina kufupi ndi Chitakale, kumene mwininyumba anali atapakitsa vanishi pansi pa matabwa m'chipinda chochezera pokonzekera chinkhoswe cha mwana wake. Mmisiri anapaka katatu m'masiku awiri okha, ndipo Loweruka m'mawa atakhudza pansi n'kuona kuti chala sichikumata, anayala mikeka ndi kulowetsa mipando. Pofika Lolemba, mizere yonse ya mkeka inali itadindika pa vanishi ngati chidindo, ndipo pamene panakhala miyendo ya mipando panali timaenje tinayitinayi. Bamboyo anandifunsa kuti, "Alangizi, kodi sanandigulitse vanishi wabodza?" Vanishiyo anali wabwinobwino, koma anamupatsa ntchito asanakhwime, komanso anamupaka m'sabata ya chiperoni.

Anthu ambiri, kuphatikizapo amisiri ena odziwa bwino kupala ndi kulumikiza matabwa, amatenga kuuma ndi kukhwima ngati chinthu chimodzi. Vanishi akapakidwa, choyamba kuchoka ndi madzi kapena thina amene anamusungunula kuti ayende bwino pa burashi, ndipo zimenezi zikauluka pamwamba pamaoneka pouma. Kukhwima kumabwera pambuyo, ndipo kumachitika m'kati mwa vanishiyo pang'onopang'ono. Vanishi wa mafuta amakhwima pamene mpweya wa okosijeni ukulowa n'kugwirizanitsa tizigawo take mpaka kukhala chikopa chimodzi cholimba, pamene wa madzi amakhwima pamene tizigawo ta pulasitiki tomwe tinali m'madzimo tikumatirirana. Ndiye chifukwa chake chilichonse chotchinga mpweya, kaya ndi kapeti, mkeka, mphasa kapena katoni yoikidwa pakona, chimachedwetsa kukhwima pamalo pomwe chakhalapo, ndipo nthawi zina chimasiya banga losiyana mtundu ndi pansi ponse.

Vanishi wa mafuta, amene ambiri amamugula chifukwa amatsikirako mtengo komanso amapatsa thabwa mtundu wofiirira wokongola, amafuna maola pakati pa 8 ndi 24 asanapakidwe kachiwiri. Mukamaliza kupaka komaliza, padutse tsiku limodzi kapena awiri munthu asanapondepo, ndipo poyamba aziponda atavala masokosi okha, osati nsapato kapena phazi lopanda kanthu limene limasiya thukuta. Mipando ndi matebulo zilowe pakatha masiku atatu kapena anayi, ndipo zizinyamulidwa n'kuikidwa pansi mosamala, osazikoka. Koma kukhwima kwenikweni kumatenga pafupifupi masiku 30, ndipo mwezi umenewo usanathe pasayalidwe kapeti kapena mkeka, pasakolopedwe ndi madzi, ndipo pasapakidwe polishi. Apa ndi pamene amayi ambiri amalakwira mosadziwa, chifukwa tinazolowera kuti pansi pa nyumba yosamalika pamafunika Cobra ndi burashi. Polishi wotere ndi woyenera pa simenti, koma pa vanishi watsopano amatseka mpweya, ndipo tsiku limene mudzafune kupaka vanishi wina, sadzagwira mpaka mutapala polishi yense.

Vanishi wa madzi amafulumira. Amalola kupakanso pakatha maola awiri kapena anayi, munthu angathe kupondapo mawa lake, ndipo mitundu yambiri imakhwima m'sabata imodzi kapena ziwiri. Fungo lake ndi lochepa, zomwe zimathandiza banja limene lilibe kwina kokagona pamene ntchito ili m'kati. Amene amakonda kuthira mafuta a linseed m'matabwa m'malo mwa vanishi adziwe kuti mafutawa alipo ophika ndi osaphika: ophika amafuna tsiku limodzi mpaka atatu kuti aume, osaphika amatha sabata kapena kupitirira, ndipo mafuta otsala pamwamba ayenera kupukutidwa onse, apo ayi pansi pamakhala ponanda kwa nthawi yaitali.

Manambala onsewa, pamodzi ndi amene amalembedwa pa chitini, amayesedwa pa nyengo yofunda bwino, kutentha kuli pakati pa madigiri 20 ndi 25 ndipo chinyezi cha mumpweya chili pafupifupi 50 peresenti. Kuno m'munsi mwa phiri masiku otere ndi owerengeka. Kuyambira Novembala mpaka Epulo tili ndi mvula, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera chiperoni, mitambo yozizira ndi mvula yamawawa yochokera kum'mwera chakum'mawa, imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Chiperoni ikakhazikika masiku atatu kapena anayi, zovala pachingwe siziuma, ndipo palibe chifukwa choyembekezera kuti vanishi aume msanga kuposa malaya. Mpweya ukakhuta madzi, vanishi wa madzi amasowa kotayira madzi ake ndipo amatha kuchita mbuu ngati mkaka, pamene kukazizira mpaka kufika pa madigiri 10 usiku, wa mafuta amatsala pang'ono kuleka kukhwima. Uphungu wanga kwa anthu a ku Likhubula, Limbuli, Muloza ngakhalenso a m'minda ya tiyi ku Thyolo ndi wakuti m'miyezi yachinyezi muziwirikiza kawiri maola olembedwa pa chitini, ndipo ngati ntchito ingathe kudikira, muiike mu Seputembala kapena kumayambiriro kwa Okutobala. M'miyezi imeneyi mdani amakhala fumbi ndi dzuwa lolowera pawindo, choncho pakani m'mawa kusanatenthe ndipo tchingani dzuwa, chifukwa vanishi wouma mofulumira kwambiri amasiya timathovu ndi mizere ya burashi.

Pali chinyezi china chimene sichichokera kumwamba koma pansi, ndipo ndi chimene chimaononga ntchito zambiri kuposa nyengo. Matabwa a paini ndi bulugamu amene amagulitsidwa m'mphepete mwa msewu nthawi zambiri amakhala ochekedwa kumene. Thabwa lotere mukalipaka vanishi, madzi a m'kati amakankha vanishiyo kuchokera pansi mpaka kusupuka, ndipo thabwalo pouma limanyala n'kusiya mipata. Matabwa aunjikidwe pamthunzi podutsa mphepo, ndi timitengo pakati pawo, mpaka chinyezi chawo chitsike kufika pafupifupi 12 peresenti, kenako akhale m'chipinda chimene akakhomedwemo kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti azolowere mpweya wa m'nyumbamo. Mlombwa ndi mbawa, pokhala mitengo yolimba, zimafuna nthawi yotalikirapo. Za mkungudza wa m'phiri la Mulanje sindikambapo zambiri, chifukwa ndi mtengo wotetezedwa umene watsala pang'ono kutheratu, ndipo wina akakubweretserani matabwa ake atsopano, musagule. Ngati matabwa akuikidwa pamwamba pa simenti yatsopano, matani pepala la pulasitiki pa simentiyo ndi tepi mbali zonse zinayi ndipo mulisiye usiku wonse. Mukapeza timadontho kunsi kwa pepalalo kapena simenti itada, ndiye kuti isanaume, ndipo matabwa adikire.

Mmisiri wofuna kumaliza msanga amakonda kuthira vanishi wambiri nthawi imodzi, poganiza kuti kupaka kochindikala kamodzi kungalowe m'malo mwa kupaka kopyapyala kawiri. Zotsatira zake, pamwamba pamachita chikopa, kunsi kumakhalabe kofewa, ndipo pakapita masiku pansi pamachita makwinya. Njira yodziwira ngati nthawi yopakanso yakwana ndi yosavuta. Tengani sandipepa yosalala, ya nambala 220, mukwecheko pang'ono pakona yobisika: ikatulutsa fumbi loyera ngati ufa, pitirizani, koma ikamamata n'kupanga timibulu, ikani burashi pansi mudikire mawa. Poyesa kukhwima, dinikizani chikhadabo pamalo pamene padzakhale kabati, ndipo chikasiya chizindikiro, kapena fungo la thina likamamvekabe mukatseka chipinda usiku, vanishiyo akadali pa ntchito yake.

Chimene chimathandiza vanishi ndi mpweya woyenda pang'onopang'ono, choncho pakatha maola ochepa mutapaka, pamwamba patagwirana moti fumbi silingamate, tsegulani mawindo a mbali ziwiri pang'ono, ndipo muwatseke madzulo nkhungu isanatsike. Ndinamvapo ena akunena kuti kukazizira amalowetsa mbaula m'chipinda kuti vanishi aume msanga. Zimenezi ndi zoopsa kwambiri, chifukwa mpweya wa thina umayaka ukakumana ndi moto, ndipo utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha. Nsanza zimene mwapukutira mafuta a linseed kapena vanishi wa mafuta musaziunjike pakona, chifukwa pouma zimatulutsa kutentha ndipo zimatha kuyaka zokha; ziyanikeni panja imodziimodzi kapena ziviikeni m'chitini cha madzi.

Kunyumba ya ku Chitakale ija tinagwirizana kuti asakhudze kanthu mpaka vanishi wakaleyo atakhwima, popeza vanishi wofewa sakwecheka, amangomata pa sandipepa. Mu Seputembala mmisiri anakwecha mizere ya mkeka ija mpaka kutha, anapaka mopyapyala kawiri motalikitsa tsiku lathunthu, ndipo banjalo linadyera pakhonde mpaka mipando italoledwa kulowa. Mikeka inabwerera m'chipindamo kumapeto kwa Okutobala.