Hatchi ikachekeka m'munsi mwa bondo: momwe mungasamalire balalo

Bala la pantchafu kapena paphewa la hatchi, ngakhale litayasama mochititsa mantha, limapola msanga chifukwa pamenepo pali mnofu ndipo magazi amayenda bwino. Kuyambira pabondo kutsika mpaka kuchiboda ndi nkhani ina. Gwirani msongolo wake mumve: khungu, mitsempha, fupa, basi. Malowa amapindika chiweto chikangosuntha, amakhudzana ndi matope ndi ndowe, ndiye kabala kochepa ka waya waminga kapena lata lakale kangathe kukuvutitsani miyezi. Zomwe zili pansipa zimagwiranso ntchito pa abulu okoka ngolo, amene kwathu kuno ndi ochuluka kuposa mahatchi, ndipo nthawi zambiri amapwetekedwa ndi chingwe cha nayiloni chomangidwa kumwendo.

Yambani ndi kuletsa magazi. Wina agwire hatchiyo kumutu, inu muime chakumbali, osati kumbuyo. Ikani nsalu yoyera yopindapinda pabalapo ndi kukanikiza mphindi khumi osasuzumira. Ikanyowa, sanjikani ina pamwamba, yoyambayo musaichotse. Magazi apansi asakuthamangitseni mtima: hatchi ya makilogalamu 450 ili ndi magazi opitirira malita 30.

Kenako onani pamene pali bala musanayang'ane kukula kwake. Itanani dokotala wa ziweto kapena mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo ngati bala lili pafupi ndi polumikizira mafupa, ngati mukutuluka timadzi tachikasu tonanda ngati uchi wosungunuka, ngati fupa kapena mtsempha woyera ukuoneka, kapena hatchi ikukana kupondetsa mwendowo. Kaboo kakang'ono ka msomali pamfundo n'koopsa kuposa bala lalitali la pamwamba chabe, chifukwa tizilombo tikalowa m'mfundo chiweto chimatha kulumala mpaka kale. Kusokanso kumatheka bwino bala likadali laliwisi, m'maola 6 mpaka 8 oyambirira. Funsaninso za jakisoni wa kafumbata. Mahatchi ndi abulu sachedwa kugwidwa ndi matendawa, ndipo ambiri akagwidwa sapulumuka.

Tsopano kutsuka. Wiritsani madzi, azizire, musungunulemo magalamu 9 a mchere pa lita imodzi, omwe ndi pafupifupi kasipuni kamodzi ndi theka ka tiyi kosasefukira. Thirani ndi sirinji yaikulu yopanda singano, kapena botolo lapulasitiki loboola pachitsekerero, mpaka mchenga ndi tiudzu zituluke. Madziwo musawaumire, malita awiri kapena atatu si ambiri. Metani ubweya wa m'mbali mwa bala. Ngati muli ndi ayodini, msungunuleni mpaka aoneke ngati tiyi wopyapyala.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, ndipo timalakwitsa chifukwa chofuna kuthandiza. Oilo wakutha wa injini, phulusa, dothi, sipiriti, madzi a m'batire: zonsezi zimawononga mnofu watsopano womwe ukufunika kuti bala litseke. Ine ngakhale jivi sindimamufuna pabala lakuya, chifukwa amaumitsa pamwamba n'kubisa zomwe zikuchitika pansi, dokotala akabwera amangoona utoto. Ngati mulibe mankhwala ena, uchi woyera bwino wopakidwa pa kansalu ndi wabwino kuposa zonsezo.

Kumanga kumafuna zinthu zitatu. Pabala penipeni ikani kansalu ka kufamase kosamatirira. Pamwamba pake kulungani thonje lochindikala, kuchokera m'munsi mwa bondo mpaka pafupi ndi chiboda, osati pabala pokha. Pomaliza zengani bandeji mofanana ponseponse, mzere uliwonse ukwirire theka la unzake, ndipo thonje lizisuzumira pang'ono kumwamba ndi kumunsi. Chala chimodzi chizitha kulowa. Bandeji yothina yopanda thonje imafinya mtsempha wakumbuyo kwa msongolo ndipo imatha kuwononga kuposa balalo. Masiku oyamba sinthani tsiku lililonse kapena pakapita masiku awiri. Madzi otuluka pabala akachepa, masiku atatu. Ikanyowa kapena kutsetsereka, sinthani pompo. Nthawi ya dzinja, ntchentche zikapeza mpata, mupezamo mphutsi.

Hatchiyo ikhale m'khola louma, losesedwa, isathamange, ndipo bulu asakokenso ngolo. M'mawa uliwonse gwirani mwendo pamwamba pa bandeji. Kutentha, kutupa kokwera m'mwamba, fungo, mafinya, kutsimphina kowonjezereka kapena kusiya kudya, zonsezi n'zoitanira dokotala. Kutentha kwa thupi la hatchi kumakhala pakati pa 37.5°C ndi 38.5°C. Bulu ndiye muchenjere naye: amabisa ululu, amangoima duu mutu uli pansi, mwini n'kumati ndi ulesi.

Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, m'balamo mumadzaza mnofu wofiira wa timatuzatuza. Umenewo ndi wabwino malinga ngati uli mulingo umodzi ndi khungu. Vuto la mahatchi n'lakuti kumwendo mnofuwu sudziwa polekezera. Umatumphuka kupitirira khungu ngati bowa, umatuluka magazi mukangoukhudza, ndipo khungu latsopano, kamzere kotuwa kopyapyala ka m'mbali mwa bala, limalephera kuukwera. Musauwotche ndi mankhwala aukali, chifukwa amapha ndi kamzere komweko. Dokotala amaudula ndi mpeni mpaka ufanane ndi khungu. Mulibe mitsempha yomvera ululu, choncho hatchi siimva kanthu ngakhale magazi amatuluka ambiri, ndipo nthawi zina pamafunika kudula kangapo.

Khungu la kumwendo limakwawa pang'onopang'ono, mwina milimita imodzi pa masiku khumi, ndiye bala lalikulu ngati chikhatho musaliwerengere masabata. Likatseka, yambani kuiyendetsa mutaigwira chingwe, mphindi zisanu kapena khumi pa tsiku pamalo osalala, n'kumawonjezera sabata ndi sabata. Kukwera kapena kukoka katundu kudikire mpaka isiye kutsimphina ndipo mwendo usamatupenso ikayenda. Musanaitulutse, zungulirani khola ndi podyera muchotse waya kapena lata lomwe linaicheka lija.