Mmene ndinawongolera chithunzi cha ma DVD pa TV ya HD

Ma DVD anga a makwaya ankaoneka ngati muli chifunga pa TV yatsopano, ndipo nkhope za oimba zinkatambasuka m'mbali. Vuto lalikulu linali chingwe chachikasu cholumikiza pleya ya DVD ndi TV, chifukwa chimadutsitsa kuwala ndi mitundu pamodzi, zomwe zimachititsa kuti chithunzi chisaoneke bwino. DVD ya PAL, mtundu wa kanema womwe timagwiritsa ntchito kuno, imakhala ndi mizere 576 yokha, pomwe TV yanga ili ndi mizere 1080, choncho ndinagula pleya yokhala ndi HDMI (polumikizira chingwe cha digito cha ma TV a HD) ku Old Town kuno ku Lilongwe, n'kuitchera pa 1080p kuti izikulitsa yokha chithunzi. Ndinaiuzanso kuti TV ndi ya 16:9, kutanthauza ya sikirini yotambalala, kuti nkhope zisamatambasuke, kenako ndinatsitsa sharpness (kuthwa kwa chithunzi), yomwe inkaika timizere toyera m'mphepete mwa zilembo. Ma DVD okopera, opanikiza mafilimu ambiri pa chimbale chimodzi, sanasinthe kwenikweni, koma enieniwo tsopano akuoneka bwino kwambiri.