Momwe mungakonzere kafukufuku wa sayansi ya zamoyo kuti zotsatira zikhale zodalirika

Zamoyo sizifanana ndendende ngakhale zitakhala za mtundu umodzi. Mbewu ziwiri zochokera m'khoko limodzi zikhoza kumera masiku osiyana popanda munthu wazichita kanthu, ndipo kusiyana kwachibadwaku kumatha kuoneka ngati kwabwera chifukwa cha chinthu chimene mukuyesa. N'chifukwa chake ntchito yaikulu ya kafukufuku imachitikira papepala musanagwire chipangizo chilichonse. Titsate chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: momwe mchere wa m'madzi umakhudzira kameredwe ka mbewu za nyemba.

Yambani ndi funso limene yankho lake lingawerengedwe. Funso lakuti "Kodi mchere umaononga mbewu?" ndi lotambalala kwambiri, pomwe lakuti "Mwa mbewu 20, ndi zingati zimamera m'masiku 7 mchere ukamawonjezeka m'madzi?" likukuuzani kale choti muwerenge. Kenaka lembani zimene mukuganiza kuti zichitika pamodzi ndi chifukwa chake. Pano ganizo lingakhale lakuti mchere ukachuluka mbewu zomera zichepa, pakuti mbewu imayenera kuyamwa madzi kuti iyambe kumera, ndipo madzi amchere wambiri salowa m'mbewu mosavuta. Lembaninso zotsatira zimene zingakutsutseni: ngati mbewu zimera mofanana m'magulu onse, ganizo lanu lagwa.

Chachiwiri, sinthani chinthu chimodzi chokha. Konzani madzi a magalamu 5, 10 ndi 20 a mchere pa lita imodzi, poyeza ndi sikelo osati supuni. Madzi a m'nyanja zamchere amakhala ndi magalamu pafupifupi 35 pa lita, choncho milingo iyi ili pansi pake. Zina zonse zikhale chimodzimodzi: mbewu za paketi imodzi, mbale zomeretseramo mbewu zofanana kukula, thonje loyala m'mbalemo lofanana kuchuluka, madzi okwana mamililita omwewo pa nthawi yomweyo.

Kenaka konzani gulu lofananitsira, limene lilandire madzi opanda mchere koma lisamaliridwe ngati ena onse. Gawo ili ndi limene ndimalilemekeza koposa, chifukwa popanda ilo manambala anu sanena kanthu. Mukapeza kuti mbewu 8 zokha mwa 20 zamera m'madzi amchere, mudziwa bwanji kuti mbewuzo sizinali zakale kapena zofumbwa? Francesco Redi, dokotala wa ku Italy, anaonetsa mphamvu ya kufananitsa m'chaka cha 1668, pamene anthu ambiri ankakhulupirira kuti nyama yowola imabala yokha mphutsi. Iye anaika nyama m'mitsuko, ina yotsegula, ina yotseka, ndipo mphutsi zinaoneka m'yotsegula yokha, momwe ntchentche zinkalowa. Poona kuti wina akhoza kunena kuti kutseka kwatchinga mpweya, anaphimba mitsuko ina ndi kansalu kopyapyala kolowetsa mpweya koma kotchinga ntchentche, ndipo panyama sipanaoneke mphutsi. Phunzirani kwa iye kudzifunsa chimene wokutsutsani anganene, n'kuwonjezera gulu loyankha chitsutsocho.

Musadalire mbale imodzi pa gulu lililonse. Mbewu 20 za m'mbale imodzi zimakumana ndi tsoka limodzi: mbaleyo ikachita chuku kapena ikauma msanga, zonse zimavutikira pamodzi, ndipo inu mudzanamizira mchere. Konzani mbale zinayi pa gulu, kutanthauza mbale 16 ndi mbewu 320, ndipo powerengetsa muziona mbale iliyonse ngati kuyesa kumodzi.

Pogawa mbewu ndi poika mbale pamalo, chitani maere. Dzanja la munthu limatola mbewu zazikulu ndi zosalala poyamba mwini wake osazindikira, ndipo mbale zoyandikira zenera zimafunda kuposa za pakona. Lembani manambala 1 mpaka 16 pa timapepala, tisakanizeni m'chitini, ndipo kapepala kotuluka kanene mbale yolandira madzi akutiakuti ndi malo ake patebulo. Ronald Fisher ndi amene anakhazikitsa njira imeneyi m'zaka za m'ma 1920, akugwira ntchito pamalo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England.

Musanathire dontho loyamba, gwirizanani tanthauzo la mawu akuti "yamera". Tinene kuti mbewu yamera pamene muzu wake woyamba watuluka n'kufika mamilimita 2 mukauyeza ndi lula. Tsiku lachinayi mudzaona mbewu yotupa, khungu litang'ambika, kansonga koyera kakungosuzumira, ndipo mtima udzafuna kuiwerengera kapena kuisiya malinga ndi gulu lake. Pofuna kupewa zimenezi, mbale zikhale ndi manambala okha, ndipo wowerenga akhale mnzanu amene sakudziwa mbale yamchere ndi yopanda mchere. Werengani ola lomwelo tsiku lililonse, lembani pompo ndi inki, ndipo mbale ikatayika madzi kapena ikachita chuku lembani zimenezonso m'malo moichotsa mwakachetechete.

Masiku 7 akatha, pezani avereji ya gulu lililonse ndipo jambulani galafu, mchere kumunsi, mbewu zomera m'mbali. Yang'anani kaye kusiyana kwa mbale za gulu limodzi. Ngati mbale zopanda mchere zapereka pakati pa 15 ndi 19, ndipo za magalamu 5 zapereka pakati pa 14 ndi 18, musanene kuti mchere wochepawo wasintha kanthu, pakuti kusiyanaku n'kochepa kuposa kwachibadwa. Lipoti lanu linene za nyemba za mtundu umenewu, pa kutentha kumeneku, m'masiku 7, osati za zomera zonse. Ngati kumera kwatsika kwambiri pakati pa magalamu 10 ndi 20, bwerezani kafukufukuyu ndi magalamu 12, 14, 16 ndi 18 kuti mupeze pamene mbewu zimayambira kulephera.